NDANI ADAFIKA POYAMBA?



Mawu akuti "munachipeza" adatilasa tsiku lina tili chiimire pakhomo pa chigayo, ufa uli mbuu kumapazi. Tidapitako kukadandaula. Chipinda chathu chatsopano chophunzitsiramo ana chidamangidwa pa malo amene munthu wina wachifundo adapereka, ndipo malowo adachita malire ndi chigayo cha dizilo chimene chidakhala pamenepo zaka zambiri ife tisanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe. Ana athu amabwera masana akaweruka ku sukulu, nthawi yomwe amayi nawo amakhala akufika ndi matumba a chimanga. Phunziro lathu limadalira khutu: mwana amve katchulidwe ka chilembo, abwereze, ife timve ngati waphonya. Injini ikangolira tinkangoona milomo ikugwedera basi. Mwini chigayo, bambo wachikulire waulemu wake, adatimvetsera mpaka tidamaliza, kenaka adati, "Amwalimu, chigayochi munachipeza." Tidabwerera mtima uli phuluphulu, koma choyankha tidalibe.

Patapita miyezi, mphwathu amene amagwira ntchito ku Mangalande adatitumizira pa foni nkhani ya mlandu wina wa kumeneko, nati, "Achimwene, tawerengani, kunonso amakangana za chigayo." Sichidali chigayo ayi, lidali bwalo la mpikisano wa njinga zamoto, koma funso lake lidali lomwe lija lidatisowetsa tulo: kodi munthu amene wapeza phokoso pamalo ali ndi pakamwa podandaulira? Tidaiwerenga nkhaniyo mofatsa, ndipo tafuna kuti tiikambe pano chifukwa idatisintha maganizo.

Tiyambe ndi masewerowo, poti kuno kwathu sitiwaona. Dzina lake ndi speedway. Okwera njinga anayi amaima pa mzere umodzi, ndipo chingwe chikangokwera m'mwamba onse amaliyatsa liwiro, kuzungulira kanayi pa njira yooneka ngati dzira, yotalika pafupifupi mamita 300, yothiridwa dothi ndi timiyala. Njingazo zili ndi injini ya 500cc, giya imodzi yokha, ndipo zilibe mabuleki. Pokhota, wokwera amaipendeketsa njinga, tayala lakumbuyo n'kumaterereka cham'mbali, fumbi lili koboo. Sizimwa petulo, zimamwa mafuta otchedwa methanol. Mpikisano umodzi umatenga mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma pa tsiku la masewero a ligi pamakhala mipikisano 15 yotsatizana, kawirikawiri madzulo. Muonjezepo zokuzira mawu, kukuwa kwa ochemerera ndi magalimoto awo potuluka, mudziwa katundu amene khutu la mnansi limasenza.

Ambiri amati masewerowa adayambira ku Maitland m'dziko la Australia m'chaka cha 1923, ndipo adafika ku Mangalande mu 1928 pa malo otchedwa High Beech. Adatchuka kwambiri, makamaka pakati pa anthu ogwira ntchito zamanja ndi mabanja awo, kotero kuti mu 1981 anthu oposa 90,000 adadzaza bwalo la Wembley mumzinda wa London kudzaona amene akhale katswiri wa dziko lonse. Mabwalo ambiri adali kumapeto kwa matauni kapena pakati pa mafakitale, kumene osokonezedwa adali ochepa. Koma tauni imayanga ngati dzungu. Pamene padali minda dzulo, lero pali nyumba, ndipo m'nyumbamo muli khanda logona, wodwala, ndi mwana wokonzekera mayeso.

Mlandu umene tikunenawu udachitikira kufupi ndi tauni ya Mildenhall, m'chigawo cha Suffolk, kum'mawa kwa dzikolo. Mu 1975 khonsolo idapereka chilolezo chomanga bwalo la speedway pakati pa minda, ndipo mu 1985 chilolezocho chidakhala chamuyaya. Mu 1984 adayambanso kuthamangitsapo magalimoto, ena mwa iwo akutha amene amagundana dala anthu n'kumasangalala, ndipo mu 1992 padatsegulidwa njira ina ya njinga zodumpha zitunda kuseri kwa bwalolo. Mamita 560 kuchokera pa bwalo padali nyumba imodzi yokhala payokha. Mu Januwale 2006 anthu awiri adaigula nyumbayo pa mtengo wa mapaundi 380,000. Iwo adauza khoti kuti pogula sadadziwe za mipikisanoyo. Pofika mu Epulo chaka chomwecho adali atayamba kale kudandaula ku khonsolo. Khonsolo idalamula eni bwalo kuti achepetse phokoso, ntchito ina idachitikadi, koma odandaulawo sadakhutire ndipo mu 2008 adakasuma.

Mlanduwo udakwera makwerero atatu. Mu 2011 bwalo la High Court lidagamula mokomera eni nyumba, n'kuika malire a phokoso ndi kulamula chipukuta misozi cha mapaundi oposa pang'ono 20,000. Mu 2012 bwalo la apilo lidatembenuza chigamulocho, ponena kuti kulira kwa injini kudasanduka kale chikhalidwe cha deralo. Mu Febuluwale 2014 bwalo lomaliza la dzikolo, Supreme Court, motsogozedwa ndi Lord Neuberger, lidatembenuzanso, n'kubwezera chigamulo choyamba chija. Oweruza ophunzira bwino onsewa, poona nyumba imodzi ndi bwalo limodzi, adasiyana maganizo. Izi zokha zidatitonthozako mtima, poti nafenso pakhomo pa chigayo paja tidasowa poyambira.

Tivomere kuti powerenga koyamba mtima wathu udali kumbali ya bwalo. Tidati anthu awa agula nyumba dzulodzuloli, bwalo lakhala zaka 30, akufuna chiyani? Apa tidadzigwira pakamwa, pozindikira kuti tikuyankhula ndendende ngati mwini chigayo uja. Kenaka tidaona mfundo ina imene tidaidumpha. Nyumbayo idamangidwa m'zaka za m'ma 1950, bwalo lisanaganizidwe n'komwe. Anthu ndiwo adali atsopano, nyumba idali yakale. Ndiye ndani adafika poyamba? Mukawerenga anthu, bwalo ndilo lidayamba. Mukawerenga makoma, nyumba ndiyo idayamba. Supreme Court idawerenga makoma. Idati ufulu wokhala mwabata m'nyumba umayenda ndi nyumbayo, ndipo wogula amaulandira pamodzi ndi makiyi, malinga ngati akuigwiritsa ntchito monga ankachitira amene adagulitsa. Zikadapanda kutero, nyumba iliyonse yoyandikana ndi phokoso bwenzi ikutaya chitetezo chake tsiku limene yagulitsidwa.

Bwalolo lidanenanso zina ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, chilolezo cha khonsolo sichichotsa ufulu wa mnansi. Khonsolo imaona zokomera dera lonse, koma siingapereke tulo ta munthu kwa munthu wina ngati mphatso. Chachiwiri, n'kotheka kuti wochita phokoso apeze ufulu wopitiriza ngati walichita poyera kwa zaka 20 pa mlingo wosokoneza, mnansi osatsutsa. Koma ayenera kubweretsa umboni wake, ndipo eni bwalo a ku Mildenhall adalephera kutero. Kungonena kuti takhala pano kuyambira kale sikudakwanire.

Maganizo amenewa ngakale ndithu m'malamulo a kumeneko. Mu 1879 mumzinda wa London mudali mlandu wa dokotala ndi munthu wopanga maswiti. Wamaswitiyo adali ndi mitondo iwiri ikuluikulu m'khitchini mwake imene adasinjiramo kwa zaka zoposa 20 popanda wodandaula, pakuti kuseri kwa khoma lake kudali dimba chabe. Dokotala adamanga chipinda choonera odwala m'dimbamo, chogundana ndi khomalo, ndipo kugunda kwa minsi kudayamba kumulepheretsa kumvetsera m'zifuwa za odwala. Khoti lidaweruza mokomera dokotala. Ife nkhani iyi idatikhudza mwapadera, poti dokotala uja ndife amene: ntchito yake idali ya khutu, ndipo adamanga yekha pafupi ndi mtondo. Poyamba tidakondwa kuti mnzathu adawina. Titaganizanso tidachita manyazi, chifukwa wamaswiti sadasinthe kanthu, wosintha adali dokotala, koma wolipira adakhala wamaswiti.

Zikuoneka kuti Lord Neuberger naye adaliona vuto limeneli. M'chigamulo cha 2014 adasiya khomo lotsegula. Adati ngati wodandaula ndiye wamanga chatsopano kapena wasintha ntchito ya malo ake phokoso lilipo kale, ndipo phokosolo silidali kuvutitsa munthu kale, ndi lololedwa, komanso silidakule, mwina wochita phokosoyo akhoza kukhala ndi podzitetezera. Apa ndiye pagona nkhani ya nyumba zatsopano. Nyumba ya ku Mildenhall idali yakale, koma mikangano yambiri yotere imabuka pamene kampani yagula munda woyandikana ndi bwalo, n'kumangapo nyumba mazanamazana.

Tifotokozeko pang'ono za muyeso wa phokoso, poti milandu yotere imathera pa manambala. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza moyandikana amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Muyesowu suyenda ngati wa sikelo ya nsomba: madesibelo 10 akaonjezeka, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Komanso ukatalikira chochita phokoso kawiri kuposa pamene udali, pa malo a chidikha popanda chotchinga, limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6 okha, n'chifukwa chake kulira kwa injini kumafika kutali, makamaka mphepo ikamaombera kwanuko. Mu 1999 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti m'chipinda chogona usiku musapose madesibelo 30, ndipo m'kalasi pa nthawi yophunzira musapose 35. Woweruza wa 2011 adaika malire a madesibelo 45 masana ndi 37 usiku, poyezera pa malire a nyumba ija, kupatula mapeto a sabata 12 pa chaka pamene adalola kuti phokoso likwereko. Taonani kuti sadalamule kuti bwalo litsekedwe. Adagawa masiku ndi maola, monga momwe akulu amagawira madzi a mthirira pakati pa eni madimba.

Koma chimene chidatiziziritsa m'nkhongono ndi mtengo wa mlanduwo. Ndalama za maloya ndi zina zoyendetsera mlandu kumbali ya eni nyumba, pa bwalo loyamba lokha, malinga ndi chiwerengero cha mu 2014, zidaposa mapaundi 1,000,000. Ozengedwa mlandu adalamulidwa kulipira magawo 60 pa 100 alionse, zomwe ndi mapaundi oposa 600,000, ndipo mkangano wa ndalamazo udabwereranso ku Supreme Court mpaka mu 2015. Kumbukirani kuti nyumba idagulidwa pa 380,000 ndipo chipukuta misozi chidali cha 20,000 ndi pang'ono. Kuonjezera apo, nyumbayo idapsa ndi moto mu 2010 mlandu usanaweruzidwe, ndipo pamene chigamulo chomaliza chinkaperekedwa mu 2014 idali isanamangidwenso, moti chiletso cha phokoso chidayenera kudikira kufikira itakonzedwa. Adawina bata la nyumba imene sadali kukhalamo. Zaka zisanu ndi zitatu za madandaulo, ndipo tikafunsa kuti adapindula ndani, sitikumuona.

Tisaiwale anthu a mbali inayo. Kwa amene sakonda masewerowa, kulira kwa njinga ndi chisokonezo chabe. Koma pali agogo amene adayamba kupita ku bwalo atanyamulidwa paphewa ndi bambo awo, ndipo nawonso adanyamula adzukulu awo kupita komweko. Pali anyamata amene amaphunzirirako kukonza injini, ogulitsa zakudya, osalaza njira ndi thalakitala. Bwalo likatsekedwa, kupeza malo ena kumavuta koposa, chifukwa palibe mudzi umene umafuna kulandira phokoso latsopano. Ndipo si madandaulo a anansi okha amene amatseka mabwalowa. Nthawi zambiri ndi mtengo wa malo. Bwalo la Brandon kufupi ndi Coventry, kumene njinga zidayamba kuthamanga mu 1928, lidatsekedwa kumapeto kwa 2016 eni malo akufuna kumangapo nyumba, ngakhale kuti mu 2024 woyendera wa boma adakana pempho lawo. Ku Peterborough mipikisano idatha mu 2023 pa chifukwa chofanana. Nyumba zikayandikira, bwalo limapanikizika pawiri: anansi akudandaula, eni malo akuwerengera phindu.

Pamenepa tidayamba kuona munthu wachitatu amene saoneka kawirikawiri m'khoti. Wokonda njinga ndi mayi wa khanda amalozana zala, koma amene adawakhazika moyandikana adanyamula ndalama zake kalekale. Malo oyandikana ndi phokoso amatsika mtengo. Womanga amawagula motchipa, n'kumanga, n'kuonetsa ogula nyumba tsiku la phee, n'kupita. Mkangano umatsalira anthu awiri amene aliyense mwa iwo ali ndi chilungamo chake. Pa nkhani yathu ya chigayo, munthu wachitatuyo tidali ife eni ndi komiti yathu. Tidalandira malo mokondwa, tidayeza maziko Lachisanu masana chigayo chili chotseka, ndipo palibe mmodzi wa ife adafunsa kuti kodi Lolemba masana pamamveka chiyani pano.

Boma la ku Mangalande lidafika pozindikira zimenezi. Mu 2018 lidaika mfundo yatsopano m'ndondomeko yake yoyendetsera zomangamanga: wobweretsa kusintha ndiye asenze katundu wake. Ngati munthu akufuna kumanga nyumba pafupi ndi malo amene alipo kale, monga bwalo la masewero, malo oimbira kapena nyumba yopemphereramo, iyeyo ndiye aonetse m'mene atetezere okhalamo ku phokoso, ndipo achite zimenezo ntchito yomanga isanathe. Njira zake n'zodziwika: mtumbira wautali wa dothi kapena mpanda wotchinga phokoso, mawindo a magalasi awiri, zipinda zogona kuziika kumbali yosayang'ana bwalo, ndi kusiya mpata pakati. Mfundoyi imagwira ntchito popereka chilolezo chomangira, siiletsa munthu kukasuma pambuyo pake, komabe imaika funso pa nthawi yake yoyenera, njerwa zisanayalidwe.

Titawerenga izi tidakumbuka phunziro lina la ku koleji. Pakati pa 1869 ndi 1876, akatswiri a malamulo a Chisilamu mu ufumu wa Ottoman adasonkhanitsa buku la malamulo lotchedwa Majalla. M'menemo muli mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Munthu akatsegula chipala kapena mphero pafupi ndi nyumba ya mnzake n'kumupweteka mopitirira muyeso, ayenera kuchotsa vutolo. Koma munthu akamanga nyumba pafupi ndi chipala kapena dwale lopunthira mbewu limene lidalipo kale, sangaletse mwini wake kugwira ntchito, ndipo adziteteze yekha. Tidaphunzira zimenezi kuti tikhoze mayeso, ndipo tsiku limene zidafunika pa moyo wathu tidaziiwala, chifukwa mkwiyo udatiuza kuti ntchito yathu ndi yolemekezeka kuposa ya wogaya chimanga. Pamene ana omwewo amene timawaphunzitsa amadya nsima ya ufa wa pa chigayo chomwecho.

Tidabwererako kwa bambo aja, ulendo uno osati ndi madandaulo. Tidati, "Bambo, munanena zoona, tinachipeza. Tithandizane nzeru." Iwo adaseka, natipatsa mpando. Ife tidatseka ndi njerwa mawindo awiri oyang'ana ku chigayo n'kuboola ena kumbali inayo, ndalama zake zidachokera m'thumba la komiti. Phunziro la katchulidwe, lofuna bata kwambiri, tidalisunthira kumapeto, dzuwa litapendeka, pamene mzere wa matumba umakhala utachepa. Iwo mwa kufuna kwawo adakonzetsa paipi yotulutsa utsi imene idali itabooka, n'kuilozetsa kutali ndi ife. Phokoso silidathe. Masiku okolola timaphunzirabe mokweza mawu. Koma tikakumana pa msewu timapatsana moni wochokera pansi pa mtima, ndipo mdzukulu wawo amakhala kutsogolo m'kalasi mwathu.

Sitikunena kuti mkangano uliwonse ungathe ndi mpando ndi kuseka. Pali anthu ouma mtima, ndipo makhoti alipo chifukwa cha iwo. Komanso wofika poyamba asaganize kuti zaka zake zamupatsa ufulu wokweza phokoso m'mene angafunire. Bwalo la ku Mildenhall lidayamba ndi njinga zokha, kenaka magalimoto, kenaka njira yachiwiri, ndipo mnansi akhoza kufunsa mwachilungamo kuti chimene ndidachipeza ndi chiti pa zonsezi. Wakale asunge muyeso umene adapezeka nawo ndi kuchepetsa pamene angathe. Watsopano alipire mtengo wa kusintha kumene wabweretsa.

Kwa inu amene mukufuna kugula malo kapena kumanga, pitani mukaime pamalopo m'mawa, masana ndi usiku, tsiku la ntchito ndi tsiku lopuma. Funsani amene akhalapo zaka, osati wogulitsa yekha. Ndipo wina akakuuzani mawu owawa ngati amene tidauzidwa ife, musathamangire kukwiya, pakuti akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife khutu lathu lidatsinidwa pakhomo pa chigayo, ndipo tikuthokoza.

Allah atipatse anansi abwino, ndipo atichititse ifenso kukhala anansi abwino kwa ena.